Foni ikapempha update, musaikanize

Pa msika wa Ludzi, monga m'misika ina ya ku Mchinji, foni yasanduka chikwama. Wogulitsa soya ndi mtedza amalandirirapo ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, kholo limatumizirapo ya sopo kwa mwana wa ku Ludzi Girls. Koma foni yomweyo ikalemba kuti pali "system update", ambiri timangoitseka poopa kuti bando itha. Manthawo ndi omveka, data ndi yodula. Komabe tiyeni tidziwe chimene tikukanacho.

Mu foni iliyonse ya Android, kaya itel, Tecno kapena Samsung, muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel, ndipo dzina lake ndi Linux. Anaiyambitsa Linus Torvalds mu 1991 akadali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Kernel ili ngati kapitawo wosunga makiyi onse a pa esiteti: WhatsApp ikafuna kamera imapempha kwa iye, ndipo ndi iyeyo amaletsa app ina kusuzumira m'zinthu za inzake.

Tsono kernel amalemba ndi anthu, ndipo mizere yake ndi mamiliyoni, choncho zolakwika sizilephera. Chotchuka ndi cha mu Okutobala 2016, chimene akatswiri anachitcha Dirty COW. Bowo la chitetezo limeneli linalowa mu kernel mu 2007, n'kukhala zaka 9 lisanatsekedwe. App wamba, yopanda chilolezo chilichonse, inkatha kudutsirapo n'kulanda ulamuliro wa foni yonse. Zikafika pamenepo zithunzi, mauthenga, ngakhale zimene mukulemba pa sikirini zili poyera. Mu 2022 Max Kellermann wa ku Germany anapezanso lina lofanana nalo, Dirty Pipe.

Kutseka bowo lokha sikuchedwa. A Linux nthawi zambiri amatulutsa chigamba m'masiku ochepa. Vuto ndi ulendo wake. Chimadutsa ku Google, imene kuyambira mu Ogasiti 2015 imalengeza zigamba za Android mwezi ndi mwezi, n'kupita kwa opanga tchipi monga MediaTek ndi Qualcomm, kenako kwa wopanga foni, amene amachitumiza kwa inu ngati update. Wopanga foniyo akaleka kusamala za mtundu wanuwo, chigamba sichidzafika. Ndipo bowo likalengezedwa, akuba nawo amamva, n'kuyamba kusaka mafoni osakonzedwa.

Apa ndi pamene ife akumudzi timaluza. Samsung inalonjeza zaka 7 za zigamba pa Galaxy S24, foni imene mlimi wa ku Ludzi sangaikwanitse. Zathu ndi zotchipa, kapena zakale zimene achibale amabwera nazo kuchokera ku Joni, kapena zogula ku Chipata, zina nthawi yake yolandira zigamba inatha kalekale. Ine ndikuona kuti si chilungamo kuti wosauka, amene ndalama zake zonse zili m'foni, akhale ndi chitetezo chochepa kuposa wina aliyense. MACRA, imene imavomereza zipangizo zolumikizirana zolowa m'dziko muno, iyenera kulamula ogulitsa kulemba poyera kuti foni iliyonse idzalandira zigamba kwa zaka zingati.

Podikira zimenezo, pali chimene chili m'manja mwathu. Mabowo ngati Dirty COW amafuna kuti app yoipa ilowe kaye m'foni. Kawirikawiri imalowa kudzera mu ma app opatsana pa Xender, kapena oikitsa kwa anyamata obana nyimbo, monga ma WhatsApp osinthidwa aja amene sapezeka pa Play Store. Asiyeni amenewo, makamaka pa foni yosungira ndalama.

Lero lomwe lino tsegulani Settings, pitani pa About phone, ndipo muone tsiku lolembedwa pa Android security update. Ngati pali update imene ikudikira, igulireni bando, batire likhale lodzaza, muilole imalize. Ngati tsikulo ndi la zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo ndipo yatsopano palibe, musamasungemo ndalama zambiri. Pogula foni ina, funsani wogulitsa akuonetseni tsiku limeneli musanapereke ndalama.