Za M'maulendo: Madzi a ku Roma

Anthu ambiri akabwerako ku Roma amasimba za nyumba zazikulu ndi zipilala zakale. Koma ine wokonda maulendo, chimene chinandigwira mtima ndicho madzi akumwa.

M'misewu ya mzindawo muli timipopi tachitsulo toposa 2,000, timene eni dziko atitcha nasoni, ndiko kunena mphuno zazikulu, pakuti kukamwa kwake n'kopindika ngati mphuno. Toyamba tinaimikidwa m'zaka za m'ma 1870. Madzi ake ngozizira, atuluka usana ndi usiku, ndipo wakumwa salipira kanthu. Munthu wopanda chikho atseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, tsono madzi atumphira m'mwamba pa kabowo kena, iye n'kungoyasama. Mlendo wosazolowera anyowetsa malaya, ana n'kumuseka.

Amayi athu olawirira kuchitsime m'mbandakucha akadaona, akadati kumeneko n'kutaya madzi. Komatu awasiya dala kuti ayende, angavunde m'mipopi. Ndiponso Aroma anazolowera kale madzi osaleka: ngalande ya Aqua Virgo, imene Agrippa anamanga m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe, anaikonzanso, ndipo kufikira lero itsira madzi pa kasupe wa Trevi.