Kachipewa ka pa ŵ: kodi kalowe pa chiphaso cha mwana?

Mwana akatuluka m'chikuta, azakhali kapena agogo amatchula dzina, anthu n'kululutira, nkhani n'kuthera pomwepo. Umu ndi momwe zidalili kale. Lero dzina likatchulidwa pakhonde limayenera kulowanso m'kompyuta ya boma, ndipo kumeneko limafunsidwa funso lomwe agogo sadalilingalirepo: kodi lilembedwe motani?

Tiyerekeze banja lina la kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni m'boma la Mchinji lomwe lasankha kuti mwana wawo akhale Dziŵani. Agogo, omwe adaphunzira sukulu m'zaka za m'ma 1970, akuti pamwamba pa w pakhale kachipewa, pakuti dzinalo n'lochokera ku mawu akuti kudziŵa ndipo umo ndi momwe iwo amalitchulira. Bambo wa mwanayo, yemwe amaoloka chipata cha Mchinji kawirikawiri kukachita malonda ku Chipata, akuti ayi, kachizindikiro kameneko kadzamuvutitsa mwana pa mapepala. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo mkangano wawo ukukhudza mabanja ambiri kuposa momwe tingaganizire, kuphatikizapo a Chitumbuka.

Choyamba tivomereze kuti ŵ si chokongoletsera chobwereka kwa azungu. Chilembochi chimaimira liwu lenileni la chiyankhulo chathu. Potchula w wa m'mawu akuti iwe kapena wanga, milomo imasongoka kutsogolo. Potchula ŵ wa m'mawu akuti maŵa, aŵiri kapena kuŵala, milomo imayandikana mosasongoka ndipo mpweya umadutsa pakati pake mofewa. Achikulire ambiri a m'chigawo chapakati amasiyanitsabe maliwu awiriwa, pomwe achinyamata a m'tauni ndi anthu ambiri a kummwera amawatchula mofanana. M'Chitumbuka liwuli n'lamphamvu kwambiri, monga m'mawu akuti ŵanthu ndi ŵana, ndipo limapezekanso m'Chinsenga chomwe chimayankhulidwa kutsidya kwa malire.

Mbiri ya chilembochi yayenda limodzi ndi mbiri ya dziko. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, lomwe chaka chotsatira lidatulutsa malamulo a kalembedwe. M'nyengo imeneyo dzina la dziko linkalembedwa kuti Malaŵi ngakhale pa masitampu a ku positi ofesi, ndipo pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa pa wailesi ya MBC inkawongola aliyense wokhotetsa chiyankhulo. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, bungweli lidathetsedwa ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya pansi pa University of Malawi ku Zomba mu 1996. Baibulo la Buku Loyera, lomwe lidatuluka mu 1998, lidasungabe ŵ, koma nyuzipepala, zikwangwani ndi makalata a boma zidamusiya pang'onopang'ono. Ngakhale tsamba lomwe mukuwerengali limalemba Malawi ndi Chichewa popanda kachipewa. Choncho agogo aja sakulota. Akuteteza kalembedwe komwe boma lenilenilo lidawaphunzitsa.

Chomwe chasintha ndi kulemera kwa pepala. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa mwana aliyense ufulu wokhala ndi dzina lake, dzina la banja komanso unzika. Lamulo la kalembera wa anthu la National Registration Act la 2010, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015, limakakamiza kuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe ku National Registration Bureau (NRB). Mu 2017 bungweli lidalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo n'kuwapatsa ziphaso za unzika. Kuyambira pamenepo chiphasochi chasanduka kiyi wa pafupifupi khomo lililonse: kulembetsa nambala ya foni, kutsekula akaunti ku banki, kugula feteleza wotsika mtengo, kulembetsa m'kaundula wa voti ndi kutenga pasipoti. Dzina lomwe kalaliki alembe m'masabata oyamba a moyo wa mwana ndi lomwe lidzamutsate ku sukulu, ku mayeso a MANEB, ku ntchito mpaka pa tsiku lolandira penshoni.

Apa ndi pomwe mantha a bambo uja akumveka. Makompyuta sadziwa kuti Dziŵani ndi Dziwani ndi munthu mmodzi pokhapokha wina atawaphunzitsa. Kwa makina, ŵ ndi w ndi zilembo ziwiri zosiyana ngati b ndi d. Dzina likalembedwa ndi kachipewa pa chiphaso chobadwira, koma mlembi wa pasukulu n'kulilemba popanda, mapepala awiri a mwana mmodzi amayamba kutsutsana. Makina ena akale akalandira chilembo chomwe sachidziwa amachisandutsa kabokosi kapena chizindikiro cha funso. Ngakhale uthenga wa pafoni umakhudzidwa: uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo ŵ umatsikira pa zilembo 70, chifukwa chilembochi mulibe m'kaundula wa zilembo zomwe mafoni adapangidwa nazo poyamba. Ndipo aliyense amene adayesapo kukonzetsa dzina lolakwika pa satifiketi amadziwa ulendo wake: makalata olumbira, kupita ndi kubwerera ku maofesi, ndalama za thiransipoti ndi masiku otayika. Kwa mlimi wa mtedza wa ku Kapiri, ulendo umodzi wopita ku Lilongwe ndi ndalama yomwe ikadagula mbewu.

Ku Mchinji vutoli limakula chifukwa cha malire. Bomali, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 600,000, lidagundana ndi Zambia komanso Mozambique. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ndi abale, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse ambiri amapita ku Mkaika m'boma la Katete kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mu Disembala 2022 atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsekulira chipata chamakono cha Mwami-Mchinji, pomwe apaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Mwana wobadwira ku Mchinji akhoza kudzaphunzira ku Chipata, kudzagwira ntchito ku Lusaka kapena kudzakwatira ku Tete, ndipo konseko dzina lake lidzalembedwa ndi manja ozolowera kalembedwe kena. M'sukulu za ku Zambia, mwachitsanzo, liwu lomwe ife timalemba ch limalembedwa ndi c yekha, n'chifukwa chake mabuku awo amati Cinyanja. Ku Mozambique kalembedwe ka Chipwitikizi kali ndi zizindikiro zakezake, monga za m'mayina akuti João ndi António, zomwe nazonso zimafika pa madesiki athu a kalembera kudzera m'mabanja a m'malire.

Komabe mantha amenewa tisawakuze kuposa msinkhu wake. Pa nkhani ya pasipoti, dziko lapansi lidapeza kale yankho. Bungwe loona za ndege la ICAO lidakhazikitsa muyezo woti mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi, yomwe makina amawerenga, ikhale ndi zilembo za A mpaka Z, manambala ndi kachizindikiro kodzazira mipata basi. Zilembo zokhala ndi zipewa zimasandutsidwa zopanda zipewa m'mizere imeneyi, kotero kuti Ŵ amakhala W, pomwe pamwamba pa tsambalo dziko lili ndi ufulu wolemba dzina momwe mwini wake amalilembera. Umu ndi momwe Ajeremani, Afalansa ndi Apwitikizi amayendera dziko lonse ndi mayina awo osadulidwa. Chilembo cha ŵ nachonso si chachilendo kwa makina amakono. Anthu a ku Wales amachigwiritsa ntchito m'chiyankhulo chawo, chili m'kaundula wa zilembo wa Unicode, ndipo pa mafoni ambiri chimatuluka mukangodinikiza w kwa kanthawi.

Maiko ena adalimbana kale ndi funsoli mpaka ku makhoti. Ku France, mwana wina wobadwira mu mzinda wa Quimper mu 2017 adapatsidwa dzina la chiyankhulo cha Breton lakuti Fañch. Khoti loyamba lidakana kachizindikiro ka pa n ponena kuti si ka Chifalansa. Makolo adachita apilo, ndipo mu Novembala 2018 khoti la ku Rennes lidawapatsa chilungamo. Mu 2019 khoti lalikulu lidakana kusintha chigamulocho. Banjalo lidatha zaka ziwiri likumenyera kachizindikiro kosakwana ngakhale njere ya mawere, chifukwa kwa iwo kadali umboni woti boma likuvomereza chiyankhulo cha makolo awo. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yodabwitsa kwambiri, pakuti chilembo chomwe tikuchiopa chili m'dzina la dziko lenilenilo ndi m'dzina la chiyankhulo cha fuko.

Nanga kholo lichite chiyani? Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa mapepala. Banja ligwirizane kalembedwe ka dzina lisadapite kokalembetsa, osati pamaso pa kalaliki. Safunsa adadya phula: funsani wolembayo ngati dzinalo lidzatuluke ndi kachipewa pa chiphaso, ndipo chikatuluka chiwerengeni chilembo ndi chilembo musanachoke. Ngati chatuluka ndi ŵ, onetsetsani kuti buku la kusikelo, kaundula wa pasukulu ndi mafomu a mayeso zikutsata chimodzimodzi, ndipo dziwani kuti mwadzisenzetsa ntchito yolondera chilembocho kwa zaka zambiri, pakuti walira mvula walira matope. Ngati chatuluka ndi w, msiyeni w yemweyo pa mapepala onse a boma, ndipo ŵ akhale pakamwa, pa makalata a pabanja ndi m'dzanja la mwanayo akadzaphunzira kulemba. Choopsa chenicheni ndi kusakaniza, lero kulemba uku, mawa uko. Chenjezo lomweli likhudzanso zolakwika zomwe zimavutitsa anthu ochuluka zedi kuposa kachipewa: kusinthanitsa l ndi r, kugwetsa h m'mayina ngati Mphatso ndi Thokozani, kapena kuiwala kankhodolero ka m'mayina okhala ndi ng'.

Koma si chilungamo kuti katundu yense asenzedwe ndi mayi amene wangochira kumene. Udindo waukulu uli ndi boma. NRB ifotokozere anthu momveka, pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'zipatala, zilembo zomwe imalandira m'dzina la mwana, kuti kalaliki wa ku Mchinji ndi wa ku Mzimba aziyankha mofanana. Bungweli, pamodzi ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, MANEB, mabanki ndi makampani a mafoni, agwirizane kuti makina awo azisunga dzina momwe lidalembedwera, koma pofufuza azitenga ŵ ndi w ngati chilembo chimodzi. Imeneyi si ntchito yofuna nyumba zatsopano kapena ngongole ya kunja. Akatswiri a ziyankhulo a ku Zomba nawonso ali ndi mbali yawo, younikira mtundu za malo a ŵ m'kalembedwe ka lero, pakuti mwana amene amaona kudziŵa m'Baibulo Lamulungu ndi kudziwa m'nyuzipepala Lolemba ayenera kuuzidwa chifukwa chake.

Dziko lidachita bwino kulamula kuti mwana aliyense akhale ndi dzina m'kaundula. Chatsala n'chakuti kaundulayo athe kulemba mayina onse a eni dziko, a Chichewa, a Chitumbuka ndi a Chinsenga, momwe eni ake amawatchulira. Kufikira tsiku limenelo, agogo a kwa Mkanda ndi mwana wawo wa malonda adzapitiriza kukangana pakhonde, ndipo nthawi zambiri wopambana adzakhala kompyuta.