Nyimbo za Mpingo za ku Railways

Njanji yocokera ku Livingstone inafika ku Broken Hill m'caka ca 1906, patapita zaka zinai cipezekere miyala ya mtobvu pamalopo. Mudzi umenewo ndiwo Kabwe wa lero, kumene kuli likulu la Zambia Railways. Anthu amene anadza kudzagwira nchito ya panjanji anawamangira nyumba pafupi ndi sitesheni, ndipo dera lao lidziwika ndi dzina la Railways kufikira tsopano.

Anthuwo sanali a mtundu umodzi ai. Eni dziko ndiwo Alenje, koma kunabweranso Abemba, Atonga, Alozi, Acewa ndi Angoni, ena mpaka ocokera ku Nyasaland. Munthu aliyense anadza ndi nyimbo zimene anaphunzira ku mishoni ya kwao. A kum'mawa, kumene mishoni ya Dutch Reformed inayamba pa Magwero m'caka ca 1899, anali ndi buku la Nyimbo za Mulungu. Ena analibe buku, nyimbo zao zinali m'mutu basi. Pokhala moyandikana, anthu anali kumverana, ndipo nyimbo ya mtundu wina inali kulowa m'kamwa mwa mtundu wina.

Nyimbo zimenezi ziyenera kusungidwa, ndipo nchito yace njofunika kuigwira msanga. Ena aganiza kuti popeza mabuku alipo, palibe cimene cingataike. Komatu buku lisunga mau okha. Silinena kumene wotsogolera akweza liu, ngakhale pamene amai ayenera kuyankha, ngakhale mmene abambo a besi alowera pansi pa anzao. Aphunzitsi a kwaya akale analemba zina m'makope ndi zizindikiro za do, re, mi, zimene amishoni anaphunzitsa m'masukulu, koma kope licedwa bwanji kudyedwa ndi ciswe? Ndipo nyimbo zambiri za pamaliro ndi za cigwirizano ca amai sizinalembedwe konse. Nkhalamba imodzi ikamwalira, nyimbo zingapo zipita nayo kumanda. Pamene mgodi wa Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, mabanja ambiri anabalalika, ndipo oyimba amene anazolowerana mau analekana.

Anyamata ena amati nyimbo zakale nzozizira, ndiponso nza Azungu. Iwo akonda kiyibodi ndi gitala. Mau ao ali ndi coonadi pang'ono, pakuti nyimbo zambiri za m'buku zinatembenuzidwa kucokera ku Cingerezi, ndipo zina sizikhala bwino pa lilime la Mnyanja. Kiyibodi nayonso siilakwa. Koma si zonse zinacokera kutsidya la nyanja. Ku Loudon, kumpoto kwa Malawi, mbusa Donald Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Cikristu pa maimbidwe a makolo ao, ndipo Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka zimene ziyimbidwa kufikira lero. Ku Chinsali, Alice Lenshina anayamba kupeka nyimbo za Cibemba m'caka ca 1953, ndipo anthu zikwi zambiri anamtsata cifukwa ca kukoma kwa nyimbozo. Ngakhale maimbidwe a nyimbo ya fuko la Zambia anayamba ngati nyimbo ya pemphero, imene Enoch Sontonga, mphunzitsi wa ku Johannesburg, anapeka m'caka ca 1897. Dzina la Sontonga lidziwika cifukwa panali anthu amene analisunga. Nanga opeka a ku Railways adzawachula ndani?

Kale kujambula mau kunali kobvuta. Hugh Tracey anayenda m'maiko ambiri ndi galimoto yodzaza makina olemera, ndipo Alick Nkhata, woyimba wochuka wa dziko la Zambia, anagwira naye nchito. Zimene anajambula zisungidwa kutali, ku Rhodes University ku South Africa. Lero foni ya m'thumba icita nchito yomweyo, kotero kuti mwana wa Giredi 7 akhoza kuigwira.

Koma aigwire mwaulemu. Apite kwa agogo ace kapena kwa mkulu wa mpingo, agwade, apemphe cilolezo, ndipo asafulumize nkhalamba ikaiwala ndime. Akatha kujambula, alembe m'kope dzina la woyimba, mpingo wace, cinenero ca nyimboyo, nthawi imene iyimbidwa, ndi amene anaipeka ngati adziwika. Foni imatayika ndiponso imafa, cifukwa cace kope lina likhale kwa mlembi wa mpingo, lina kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu. Pambuyo pace kwaya ya ana iphunzire nyimboyo ndi kuiyimba pa Sabata, mwini wace ali pomwepo kuti akonze pamene alakwitsa.