Tisalole chipani chimodzi kubwerera podzera padenga

Sabata yathayi tidali ndi msonkhano pa mdadada wa mafulati omwe ndimakhala mu mzinda wa Blantyre. Mdadadawu uli ndi makomo 16. Khomo lililonse lili ndi mwini wake. Ena tikukhalamo tokha, ena adaikamo anthu a lendi. Koma denga, masitepe, thanki ya madzi ndi mpanda ndi zathu tonse, ndipo mwezi ndi mwezi timasonkha ndalama yolipira mlonda ndi yokonzera zowonongeka.

Titatha za mlonda ndi za zinyalala, apampando a komiti yathu adasolola chipepala m'chikwama, nkhope ili mwee! Adati atipezera mwayi wosaneneka. Kampani ina, yomwe sindiitchula pano, yavomera kutiikira mawaya a intaneti ndi a kanema mu mdadada wonse mwaulere, ndipo mtengo wa pamwezi ukhala wotsikirapo kusiyana ndi womwe aliyense amalipira payekha. Kampaniyo ikungofuna zinthu zitatu basi: kontrakiti ya zaka 5, kampani ina iliyonse isadzalowetse waya wake mumpanda mwathu, komanso madishi onse omwe ali m'makoma ndi padenga azulidwe. Ndalama yake tizilipirira kumodzi ndi ya mlonda, khomo lililonse, wofuna ndi wosafuna yemwe. "Zonse tathana nazo kale," adatero, "changotsala n'kusayina."

Mayi wina wachikulire adakweza mkono. "Apampando, pepani ndifunse nawo. Ine kanema ndilibe, ndipo foni yanga ndi ya mabatani. Nanga ndizilipira chiyani?" Yankho lake lidali lakuti, "Mayi, ndi mmene tagwirizanira." Titafunsa kuti ogwirizanawo ndi ndani, tidapeza kuti ndi anthu atatu a m'komiti, wachinayi wake ndi bwana wa kampani ija.

A Malawi anzanga, mawu akuti "ndi mmene tagwirizanira" si achilendo m'makutu mwathu. Kwa zaka pafupifupi 30 dziko lino lidali ndi wailesi imodzi yokha, MBC, ndipo inkayankhula zomwe boma lafuna. Wailesi ya kanema kudalibe; ya boma idadzayamba mu 1999, ulamuliro wa Dr Banda utatha kale. Wofuna kumva zoona za dziko lake ankayamba watseka zitseko, n'kutsitsa mawu a wailesi, n'kumasaka BBC. Inu amene mudathawira ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare ndi London mukukumbukira kuti nkhani zina za kwanu munkazimva msanga kuposa abale anu omwe adali konkuno. Tikukumbukiranso khadi ya chipani, yomwe munthu ankagula mosafuna kuti alowe mumsika kapena akwere basi. Pa 14 Juni 1993 tidaima pamizere, ndipo anthu oposa 60 mwa 100 alionse adasankha nyali, kukana tambala wakuda. Chomwe tidakana tsiku limenelo ndi khalidwe lakuti anthu ochepa akhale m'chipinda, atisankhire chomvera ndi choonera, kenako atitumizire bilu.

Ndikudziwa ena anena kuti ndikukuza nkhani. Zoona, palibe amene apite ku Mikuyu chifukwa cha dishi, ndipo apampando athu si munthu woipa ayi. Ndi munthu wodzipereka, amene amadzuka usiku thanki ikaphulika ife tili m'tulo. Mfundo zawo zina n'zomveka ndithu. Madishi amera m'makoma ngati bowa. Aliyense amabwera ndi mmisiri wake, kubowola pomwe wafuna, ndipo mvula ikagwa odontheredwa ndi a pamwamba. Mawaya alendewera paliponse ngati ukonde wa kangaude. N'zoonanso kuti ogula pagulu amatsitsiridwa mtengo. Zonsezi sindikutsutsa. Ndikutsutsa mankhwala awo, chifukwa akuchiza chipere podula mutu.

Pali zinthu ziwiri zomwe apampando aziphatikiza dala kapena mosadziwa. China ndi njira yodzera waya: denga, khoma, paipi yochokera pageti kukafika pa khomo lililonse. Imeneyo ndi ya tonse, ndipo n'koyenera kuti komiti iziyang'anira. China ndi kampani yomwe munthu amagulako intaneti ndi kanema woonera m'nyumba mwake. Chimenecho n'cha mwini khomo. Khonsolo imalambula msewu, koma sitiuza minibasi yoti tikwere. Komiti itikonzere msewu wa mawaya, za minibasi itisiyire.

Nkhondo imeneyi sidayambire pa mdadada wathu. Ku America, komwe anthu mamiliyoni amakhala m'nyumba zosanjikizana za mtundu womwewu, bungwe loyang'anira za mauthenga la FCC lakhala likulimbana nayo kwa zaka zambiri. Mu 1996 lidakhazikitsa lamulo lakuti munthu ali ndi ufulu woika dishi yosapitirira mita imodzi pamalo omwe ndi akeake, monga pakhonde la fulati yake, ndipo komiti singamuletse, ngakhale kuti ufuluwo sufika padenga la onse. Mu 2007 lidaletsa makontrakiti opatsa kampani imodzi ya kanema mphamvu yolowa yokha mu mdadada. Kodi makampani adagonja? Ayi. Adapeza njira zachidule. Adayamba kugawana phindu ndi eni midadada, pa mgwirizano wakuti ndalamayo iziperekedwa ndi kampani imodzi yokha, kapena izikwera malinga ndi kuchuluka kwa makomo omwe alowa. Pamapepala khomo lidali lotsegula, koma mwini mdadada adali ndi chifukwa chabwino chobwezera opikisana nawo pageti. Mu Febuluwale 2022 FCC idaletsanso zimenezo.

Chomwe chidakanika kumeneko ndi chija chodandaulitsa mayi athu aja, cholipiritsa khomo lililonse pagulu. Mu 2024 wapampando wa FCC panthawiyo, Jessica Rosenworcel, adabweretsa ganizo lakuti wosafuna aziloledwa kutuluka mu mgwirizano wotero. Mu Januwale 2025 wolowa m'malo mwake, Brendan Carr, adalitaya ganizolo ponena kuti likadakweza mitengo. Mutha kugwirizana ndi uyu kapena uyo, koma phunziro lake ndi limodzi: ngati m'dziko la malamulo ambirimbiri chonchija makampani amapezabe pobowola, kuli bwanji kuno? Mlonda woyamba wa ufulu wanu ndinu nomwe, pa msonkhano wa mdadada wanu.

Njira ina yabwinoko abale athu okhala ku Joni akuidziwa. Mu 2014 anthu a dera la Parkhurst mu mzinda wa Johannesburg adagwirizana zoitana kampani ya Vumatel kuti iwayalire mawaya a fibre. Mgwirizano wake udali wakuti woyala waya akhale wina, ogulitsa intaneti podzera mu waya womwewo akhale ambiri. Njira imeneyi idafala m'mizinda ya dzikolo, ndipo lero banja limasankha pakati pa makampani monga Afrihost, Webafrica ndi Cool Ideas. Likakhumudwa ndi imodzi limasamukira kwina popanda kubowolanso khoma. Si kuti zonse zili bwino, poti mwini waya amakhalabe mmodzi ndipo ali ndi mawu pa mtengo, komabe wogula ali ndi kothawira. Dzikolo lilinso ndi lamulo loyendetsera midadada ya eni ambiri, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016, pamodzi ndi ofesi yapadera yomva madandaulo a anthu okhala m'malo otero. Komiti ikachita zankhanza, munthu wamba ali ndi kokadandaula popanda kugulitsa mbuzi kuti alipire loya.

Tibwerere kwathu, chifukwa chaka cha 2023 chokha chidatiphunzitsa zokwanira. Mu Ogasiti chaka chimenecho kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno kaamba ka mkangano wake ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo. Nkhaniyo idali m'khoti, ndipo DStv idadzabwerera kumapeto kwa chaka. Wolakwa adali ndani si nkhani yanga lero. Funso langa ndi ili: mdadada womwe udazula madishi ena onse n'kudalira kampani imodzi, umaonera chiyani zinthu zikafika potero? Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kontrakiti ya zaka 5 yomwe mtengo wake ukutsatira dola ndi chingwe chodzimangirira wekha m'khosi. Ndipo m'chaka chomwechonso intaneti ya Starlink idayamba kupezeka m'Malawi, chinthu chomwe zaka zochepa m'mbuyomo ambiri aife sitinkachilota. Kachipangizo kake kamafuna malo oonekera bwino kumwamba, kutanthauza denga lomwe lija apampando akufuna kutseka. Ndani akudziwa chomwe chibwere zaka 5 zikudzazi? Wosayina lero akugulitsa ndi mawa lomwe.

Tsono tichite chiyani? Kudandaula kokha sikumanga mudzi. Nazi zomwe ndidapempha pa msonkhano wathu, ndipo ndikupempha aliyense wokhala m'mafulati, kaya ku Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, kuti akazifunse kwawo.

Choyamba, njira ya mawaya ikhale ya mdadada. Tisonkhe tokha, tiike paipi yotakasuka kuchokera pageti kukafika pa nsanjika iliyonse, yoti mawaya a makampani angapo adutsemo. Waya wa ulere ndi nyambo. Mbedza yake ili m'kontrakiti, pa ndime yonena kuti wayayo ndi wa yani mgwirizano ukatha.

Chachiwiri, vuto la madishi lili ndi yankho lomwe amisiri akulidziwa. Dishi imodzi yabwino itha kugawira makomo onse, aliyense n'kukhala ndi dikoda yake, n'kumalipira yekha zomwe akufuna kuonera. Poti makampani monga DStv, Azam ndi Zuku sagwiritsa ntchito setilaiti imodzi, pangafunike madishi awiri kapena atatu, kuphatikizapo mlongoti wa omwe amaonera GOtv kapena Kiliye Kiliye. Komiti ipatule malo amodzi padenga, isankhe mmisiri mmodzi wodalirika, ndipo makoma apuma.

Chachitatu, ngati ambiri akufuna kugula pagulu kuti atsitsiridwe mtengo, agule, palibe choletsa. Koma wosafuna asakakamizidwe. Kuchuluka kwa mavoti kumagamula za denga ndi za mlonda, poti zimenezo zimathandiza aliyense. Sikungalowe m'chikwama cha mayi wokalamba kukamugulira mpira wa ku England womwe saonera.

Chachinayi, makampani osachepera atatu apereke mitengo yawo, ndipo mapepalawo awerengedwe pa msonkhano wa onse, osati m'galimoto ya apampando. Kontrakiti ikhale ya chaka chimodzi kapena ziwiri, mtengo wake mu kwacha, ndipo inene poyera kuti netiweki ikasowa masiku angapo tibwezeredwa zingati, komanso kuti tingatulukemo bwanji. Safunsa adadya phula.

Chachisanu, funso lomwe anthu amachita nalo manyazi lifunsidwe ndithu: kodi a komiti alandirapo chiyani? Mwina palibe. Mwina ndi intaneti ya ulere pa khomo la apampando. Ngati chilipo chinenedwe, ndipo chilowe m'thumba la mdadada. Kufunsa chotere si kunyoza munthu. Woyera m'manja saopa kuwatambasula.

Chachisanu ndi chimodzi, anthu a lendi amvedwe. Pa mdadada wathu eni ena amakhala kunja kwa dziko, ndipo sadziwa n'komwe ngati netiweki imagwira kuchipinda. Wolipira bilu ndi wa lendi, mwana wolemba mayeso podalira intaneti ndi wa wa lendi, wochita bizinesi yake pafoni ndi yemweyo. Kumusankhira osamufunsa n'chimodzimodzi kumeta munthu iye kulibe.

Mabungwe a MACRA ndi Competition and Fair Trading Commission nawonso atsegule maso. Mafulati akumangidwa m'mizinda yathu tsiku ndi tsiku, ndipo mapangano otsekera anthu mumpanda wa kampani imodzi akhala akusayinidwa mwakachetechete ngati palibe woyankhulapo. Ndi bwino kuika malamulo omveka madzi akadali m'nkhongono.

Mwina mukufuna kudziwa kuti msonkhano wathu udatha bwanji. Sitidasayine. Apampando adakwiya pang'ono, adati ife ndife anthu osayamika, koma adavomera kuti abweretsa mitengo ya makampani ena mwezi ukatha. Ndikuwathokoza, chifukwa mtsogoleri wobweza mawu ake pagulu ndi wosowa masiku ano. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pa makomo 16, omwe adabwera ku msonkhanowo adali 9 okha. Enawo adali otanganidwa, ena ankaonera mpira pa madishi omwewo oti azulidwe. Akadapanda kufunsa mayi aja, bwenzi lero tonse tili m'khola kwa zaka 5, ndipo oyamba kulira akadakhala omwe sadabwerewo.

Mutu umodzi susenza denga, adatero akuluakulu, ndipo denga la mdadada ndi lolemera kuposa la kumudzi. Mukaona kapepala ka msonkhano katamatidwa pa masitepe, pitani. Pemphani chipepalacho, muwerenge nokha mpaka tizilembo tating'onoting'ono ta kumapeto, ndipo mufunse kuti ogwirizanawo ndi ndani.