Ikulu ndi Kamuzu Palace: zomwe mayina a nyumba za atsogoleri akutiuza m'mbali ziwiri za nyanja

MBAMBA BAY, Tanzania – Anthu a m'boma la Nyasa, m'chigawo cha Ruvuma, akamatchula nyumba imene mtsogoleri wa dziko lawo amakhala amangoti Ikulu. Tsidya lina la nyanja, ku Malawi, nyumba yotereyi ku Lilongwe imatchedwa Kamuzu Palace. Kusiyanaku kukuonetsa momwe mayiko awiriwa amaonera udindo wa pulezidenti ndi munthu amene wakhala pa udindowo.

Liwu lakuti Ikulu si lachilendo kwa wolankhula Chichewa. Tsinde lake ndi -kulu, lomwe lili m'mawu akuti wamkulu ndiponso likulu. Dzinali limaloza malo a ulamuliro, ndipo silisintha atsogoleri akasintha.

Nyumba ya Ikulu ya ku Dar es Salaam inayamba ngati nyumba ya bwanamkubwa wa Ajeremani. Itaonongeka ndi mizinga ya Angelezi m'chaka cha 1914, inamangidwanso mu 1922 pansi pa bwanamkubwa Horace Byatt. Julius Nyerere anailandira dziko litapeza ufulu, ndipo dzina la Chiswahili linakhazikika. Ngakhale boma linagamula mu 1973 kuti likulu lisamukire ku Dodoma, nyumba yatsopano ya ku Chamwino inatsegulidwa mu Meyi 2023 ndi Pulezidenti Samia Suluhu Hassan. Inamangidwa mofanana ndi ya ku Dar es Salaam, ndipo nayonso imatchedwa Ikulu. Tanzania inapereka dzina la Nyerere ku bwalo la ndege la Dar es Salaam, koma nyumba ya mtsogoleri sinaitchule dzina la munthu aliyense.

Mbiri ya ku Malawi inayenda mwina. Dr Hastings Kamuzu Banda anapeza nyumba ya atsamunda ku Zomba, kenaka anamangitsa Sanjika ku Blantyre ndi chinyumba cha zipinda pafupifupi 300 ku Lilongwe, chomwe chinkadziwika kuti New State House. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha 1994 anakana kukhalamo, ponena kuti chinali chizindikiro cha kusakaza chuma m'dziko losauka. Iye anasankha Sanjika, ndipo nyumba ya ku Lilongwe inasanduka malo okumanirako aphungu a Nyumba ya Malamulo.

Mu 2004 Bingu wa Mutharika anatulutsamo aphunguwo n'kulowamo yekha. Chaka chotsatira atolankhani Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda anamangidwa chifukwa cholemba kuti mtsogoleriyo ankaopa mizukwa m'nyumbayo. Aphungu anadzapeza nyumba yawoyawo mu 2010, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China. Dzina lakuti Kamuzu Palace linabwera mu ulamuliro wa Joyce Banda, amene anatsogolera dzikolo kuyambira 2012 mpaka 2014.

Dzina la Kamuzu lakhala likuchoka ndi kubwerera malinga ndi boma lolamula. Boma la Muluzi linalichotsa pa bwalo la ndege la Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha mumzindawo ndi pa bwalo la zamasewero la ku Blantyre, Mutharika analibwezeretsa. Apa mpomwe pagona vuto la kutchula nyumba ya boma dzina la munthu. Kwa ena Banda ndi tate wa fuko. Kwa mabanja a anthu amene anatsekeredwa popanda mlandu kapena kuthawira kunja, dzinalo limakumbutsa zowawa. Nyumba yomangidwa ndi kusamalidwa ndi misonkho ya onse imakhala ikunyamula mkangano umene a Malawi sanaumalize.

Kwa anthu a ku Mbamba Bay dzinali lili ndi mbiri inanso. Mu 1968 Banda ananena poyera kuti madera ena a kum'mawa kwa nyanja ndi a Malawi, zomwe zinaipitsa ubale wake ndi Nyerere. Nyanja yeniyeniyo ili ndi mayina atatu: Malawi, Nyasa ndi Niassa. Malawi imatsamira pangano la Heligoland la 1890, lomwe linaika malire m'gombe la kum'mawa, pamene Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso mu 2012 chifukwa cha ntchito yofufuza mafuta, ndipo mkhalapakati wotsogozedwa ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, sanauthetse.

Asodzi ndi amalonda a m'gombeli, amene ambiri amamvana chilankhulo ndi abale awo a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, ndiwo amayamba kukhudzidwa maboma akasemphana mawu. Zigamulo zokhudza malo amene amaponyera makoka awo zimachokera ku nyumba ziwiri zija, ndipo boma lililonse limaumirira dzina lake la nyanjayo m'makalata ndi pa mapu, chifukwa kuvomera dzina la mnzake kungaoneke ngati kuvomeranso malire ake.