Mchere wokwera basi kuchokera ku Joni

Lero ndabwera ndi nkhani ya nyama.

Loweruka lapitali kunafika alamu anga ochokera ku Joni. Tinakagula nyama ya ng'ombe pa Mbulumbuzi, mnofu wokhawokha, ija inu a ku Blantyre mumati steki. Ndili mkati moyatsa mbaula, alamu anatulutsa kabotolo ka zokometsera, ati kumeneko nyama sawotcha popanda kameneka. Ndinakatembenuza n'kuwerenga kumbuyo. Choyamba pa mndandanda: mchere. Tsabola ndi timasamba tonunkhira zikubwera pambuyo. Pa zakudya za m'mapaketi, chimene chalembedwa poyamba ndiye chochuluka. Ndiye kuti mchere wakwera basi, wadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa Mwanza, pomwe pagolosale pathu pano ulipo mbwee!

Tinagawa nyamayo pawiri. Yanga ndinachita mmene ndimachitira masiku onse. Kambuzi wouma asanu, adyo, kachidutswa ka jinja ndi mchere pang'ono, kusinja mu kamtondo mpaka zigwirane, kenako kufinyiramo ndimu. Kupaka nyama yonse n'kuisiya ola limodzi itavundikiridwa. Ng'ombe zathu zimayenda mitunda, nyama yake ndi yolimba, choncho ndimayamba ndaikulunga m'masamba a papaya ofwanyafwanya; utomoni wake umafewetsa. Powotcha dikirani makala ayere phulusa pamwamba. Mukaika pa malawi adyo amapserera n'kuyamba kuwawa, mwangoononga ndalama zanu.

Sindinama, ya alamu inakoma. Tsabola wakuda uja ali ndi kafungo kamene kambuzi alibe, ndipo ndikamupeza ku Limbe ndimagula. Koma mbale imene inayamba kutha ndi yanga, alamu omwewo akupukuta thukuta.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Kambuzi timalima ndife, kuseri kwa nyumba ndi kudimba. Akapsa nthawi imodzi timapatsa mavenda pa mtengo wongotaya, wina amawolera m'thumba. Kenako mwana akatumiza ndalama pa foni, tithamangire kukagula kapaketi kodzaza mchere, eti kuti tioneke otsogola. Chonsecho Nali uja ali patebulo m'malesitilanti ambiri anayambira mommuno m'Malawi, ndi tsabola wolimidwa ndi alimi ngati ife. Ife tikulephera chiyani kuyanika, kusinja ndi kuika m'mabotolo, ngakhale a pakhomo pokha?

Palinso za BP. Mayi anga amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Tsono wathira za m'botolo, wawazanso mchere wa pambale monga timachitira pa kanyenya, ndiwo zamasana zinalinso ndi wake. Ukasinja wekha, dzanja lako ndi limene limadziwa wathira wochuluka bwanji. Ya mayi ndimachulutsa ndimu ndi adyo, mchere kungonunkhiza, ndipo sadandaula.

Chaka chino ndinayanika malichero awiri a kambuzi. Amene mubwere ku PIM pa 15 Januwale kudzakumbukira Chilembwe, mudzapatukire kwathu ndi botolo lopanda kanthu, louma bwino. Lija la alamu mwachedwa nalo, anakhuthula okha n'kudzazamo wanga.