Kamtovu ka pa chingwe cha mbedza kachepe, ndipo kasalowe m'kamwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, mtsinje wa Mwanza umakhala utaphwa m'malo ambiri, madzi n'kutsalira m'maiwe a m'tsinde mwa miyala ndi pansi pa mikuyu. Kumeneko n'komwe anyamata amakathera tsiku Loweruka. Mnyamata amafika ndi kansungwi kake, chingwe cha nayiloni chokulunga pa kamtengo, mbedza ziwiri zobaya pa kolala ya malaya, ndi chitini cha nyongolotsi zomwe wakumba kudimba m'mamawa. Choyandama wadula ku patapata wakutha. Kenako amapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo kotuwa, kofanana ndi njere ya nandolo, kong'ambika pakati. Amalowetsa chingwe mumng'aluwo, n'kuika kachitsuloko pakati pa mano, n'kuluma kuti katseke.

Kachitsuloko ndi mtovu. Pa zida zonse za munthu wowedza, aka n'komwe anthu sakaganizira kwenikweni. Mbedza amachita kusankha, za nyambo amatsutsana mpaka dzuwa kupendeka, koma cholemetsa chingwe amangomangirira chilichonse chomwe chapezeka. Zotsatira zake, ambiri amalemetsa chingwe mopitirira muyeso n'kumathawitsa nsomba zomwe akuzifunazo, ndipo pafupifupi onse amagwira mtovu ngati chitsulo wamba pomwe ndi poizoni.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono kwa munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, koma Mwanza ndi boma lopanda nyanja. Anthu amalidziwa ndi manachesi komanso chipata cholowera ku Zobue, osati nsomba. Usipa wa pamsika umachokera kutali, ndipo ukamafika mtengo umakhala utakwera kale. Milamba iwiri ndi matemba odzaza mbale zomwe mwana wabwera nazo kumtsinje ndi ndiwo zenizeni pakhomo. Chinanso, mbedza ndi njira yaulemu yophera nsomba. Imatenga imodziimodzi, pomwe neti ya udzudzu imakokolola ndi tiana tomwe, ndipo katupe amapha nsomba mosasankha m'dziwe lonse. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Aliyense wofuna kuti anthu asiye katupe ayenera kufunanso kuti mbedza izigwira bwino, chifukwa munthu wobwerera chimanjamanja masiku atatu otsatizana ndi amene amayamba kuganiza za njira zachidule.

Ntchito ya kamtovu ndi kumiza nyambo kufika pomwe nsomba zikudyera, kuimika choyandama chilili, ndi kuthandiza kuti chingwe chiponyeke. Basi. Kulemera kopitirira apa kumangowononga. Nsomba ikajompha nyambo imayamba yalawa, ndipo ikamva kuti chakudyacho chikukoka imalavula nthawi yomweyo, wowedza asanaone n'komwe kuti choyandama chagwedezeka. M'madzi oyera a m'chilimwe zimanyanya. Chinati chachikulu chikagwa kuti chubwi, timakumba tonse timabalalika kukabisala m'mizu, ndipo pamapita nthawi kuti titulukenso.

N'chifukwa chake timitovu tating'ono tingapo timaposa chimtovu chimodzi. Topangidwa kufakitale, tomwe timapezeka m'masitolo ena a mumzinda kapena kubwera ndi anthu ochokera ku Joni, timakhala m'kabokosi kozungulira ka zipindazipinda, chipinda chilichonse ndi saizi yake. Mayina a masaiziwo anachokera ku tizipolopolo ta mfuti yosakira mbalame. Ka SSG kamalemera magalamu 1.6, ka AAA 0.8, ka BB 0.4. Pamanambala zimayenda chobwerera: nambala ikamakula kamtovu kamachepa, moti ka nambala 4 ndi magalamu 0.2, ka nambala 6 ndi 0.1. Kuwerengera kwake n'kosavuta, chifukwa ma BB awiri amafanana ndi AAA mmodzi, ma AAA awiri amafanana ndi SSG mmodzi. Ubwino wake wagona pomwepo. Munthu amatha kuwonjezera kapena kuchotsa kamodzikamodzi mpaka chingwe chikhale momwe madzi a tsikulo akufunira, zomwe sizitheka ndi chimtovu chimodzi.

Choyandama ndiye mphunzitsi. Chikagona chammbali pamadzi, ndiye kuti kulemera kwachepa kapena cholemetsacho chakhala pansi. Chikamira, kwachuluka. Pomwe pali bwino m'pomwe kansonga kokha katsala pamwamba, kuti ngakhale temba likangokhudza nyambo kansongako kanjenjemere. Anyamata ambiri amasiya theka la choyandama lili kunja kuti aziliona bwino, osadziwa kuti theka limenelo nsomba iyenera kulimiza ndi mphamvu zake, ndipo isanalimize imakhala itazindikira kale.

Poika pake paliponso nzeru. Kamtovu kogundana ndi mbedza kamaumitsa nyambo, nyongolotsi n'kumalendewera ngati msomali. Pakhale danga lokwana chikhatho chotambasula kapena kuposerapo, kuti nyambo izivina yokha ndi madzi. M'dziwe lodikha, kapena m'damu la nsomba la mlimi, timitovu timwazikane pachingwe, tokulirapo kumtunda, kochepetsetsa kufupi ndi mbedza. Nyambo imatsika pang'onopang'ono ngati chiwala chomwe chagwera m'madzi, ndipo nthawi zambiri nsomba imailanda isanafike pansi. Pa Wamkulumadzi, mbali ya ku Neno, nkhani ndi ina. Mtsinje umenewu suphwa, ndipo madzi ake amathamanga pakati pa miyala. Kumeneko timitovu tiunjikane pamodzi kuti tidule madzi msanga, apo ayi nyambo imangoyandama pamwamba n'kupita ndi mtsinje. Dzinja likafika, madzi atafiira ndi matope, mtsinje wa Mwanza nawo umafuna zomwezo.

Mlamba ndi nsomba ya pansi, yosaka ndi ndevu zake. Iwo umafuna kuti nyambo igone pamatope, cholemetsa chikhale patali ndithu, kuti ukameza uyambe wayenda kaye usanamve kukoka. Matemba m'madzi osaya nthawi zina safuna cholemetsa n'komwe, kulemera kwa mbedza ndi nyambo kumakwanira.

Pali cholakwika china chomwe chimaliza anthu ambiri. Kamtovu kakafinyidwa kwambiri kamaphwanya nayiloni, ndipo kakakokedwa pachingwe kali chofinyidwa kamaipala. Pamaso sipaoneka kanthu. Tsiku lomwe mlamba waukulu wakodwa, chingwe chimadukira pomwepo, munthu n'kumanena kuti nayiloni ya masiku ano ndi yowola. Kamtovu kafinyidwe pang'ono, kongokwanira kuti kasatsetsereke, ndipo pofuna kukasuntha kayambe katsegulidwa ndi kampeni.

Zonsezi ndi luso, ndipo munthu amaliphunzira atakhala pamwala masana onse. Za mano zija ndiye zosafunika kudikira kuti aphunzire yekha.

Mtovu umakondedwa pa zifukwa zomveka. Ndi wofewa, sudya dzimbiri ngati chitsulo, ndipo umalemera kuposa madzi maulendo 11, pomwe chitsulo sichifika maulendo 8. Umasungunukanso pamoto wamba, pa madigiri 327, kutanthauza kuti mbaula yamakala imakwanitsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosapsatira kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe umadziwika kuti ndi wosavulaza. Thupi limausokoneza ndi kashiamu n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mwa ana umawononga ubongo womwe ukukula, umachepetsa magazi, umabweza nzeru m'mbuyo, ndipo zomwe zawonongekazo sizibwerera. Mayi woyembekezera amapatsira mwana wa m'mimba. Choopsa kwambiri n'choti supweteka pompopompo. Mwana satupa, sasanza, amangoyamba kuvutika kusukulu, makolo n'kumati ndi ulesi.

Kuluma kamtovu kamodzi sikungagwetse munthu. Koma wowedza amaluma kangapo pa tsiku, Loweruka lililonse, kuyambira ali Sitandade 3. Zala zomwe zada ndi mtovu n'zomwezo zomwe zimasenda nachesi pamwala pomwepo, n'kukatema nsima madzulo. Ndipo kamtovu kakaterereka pamano, kamapita kummero.

Choipitsitsa ndi kudzipangira. Topangidwa kufakitale si aliyense angatipeze, choncho ena amafuna mtovu komwe ulipo: m'mabatire akutha a galimoto ndi a sola, kapena tizitsulo tomwe okonza matayala amamata m'mphepete mwa limu kuti tayala lisamanjenjemere. Pamsewu wa M6, pomwe mathiraki opita ku Tete amadutsa usana ndi usiku, zinthu zimenezi si zosowa. Batire amaliswa ndi nkhwangwa, asidi n'kutayikira pabwalo pomwe ana amasewera, mapuleti ake n'kuwasungunula m'chitini pambaula yomwe iphikenso ndiwo. Utsi ndi fumbi lake zimalowa m'mapapo mwa aliyense amene wazungulira kuonerera, ndipo oonerera oyamba amakhala ana. Uwu ndi mchitidwe wofunika kuthetsedwa lero, popanda kudikira lamulo.

Amene akuona ngati n'kukokomeza ayang'ane ku Kabwe, m'dziko la Zambia. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka pano ana a m'makomboni oyandikana nawo amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi lomwe linatsala m'dothi. Mtovu suwola. Pomwe wagwera umakhala pomwepo.

Ku Britain anaphunzira kudzera mu mbalame. Pamtsinje wa Thames ndi mitsinje ina, mbalame zazikulu zoyera za khosi lalitali, zofanana ndi atsekwe, zinkafa zambiri. Zinkatola timitovu totayidwa ndi owedza poganiza kuti ndi timiyala tothandiza kugaya chakudya, monga momwe nkhuku imatolera mchenga. Kuyambira mu 1987 boma linaletsa kugulitsa mitovu yowedzera yolemera pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35, ndipo mbalamezo zinayambanso kuchuluka. Dziko la Denmark linaletsa zida zowedzera za mtovu mu 2002. Owedza a kumeneko sanasiye kuwedza. Anasamukira ku timipira topangidwa ndi zitsulo zina monga tini, ndipo pamabokosi ake amalemba kuti mulibe mtovu.

Chilungamo chake, mtovu womwe umatayika m'mitsinje ya ku Mwanza ndi wochepa poyerekeza ndi wa ku Thames. Abakha a pamudzi omwe amafwanthula matope m'mbali mwa dziwe atha kumeza, nkhwazi nayo itha kudya nsomba yomwe yathawa ndi chingwe, koma chiopsezo chachikulu kuno chili pakamwa pa mwana ndi pambaula ya mayi ake. Kungokopera lamulo la ku Britain sikungafike kumeneko, chifukwa mtovu wa m'batire sudutsa m'sitolo.

Komabe boma lili ndi gawo lake, ndipo laonetsa kale kuti likafuna limatha. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa mu 2006. Kafukufuku atapeza mtovu wochuluka mu penti wina wa m'dziko muno, bungwe la Malawi Bureau of Standards linalimbitsa kalondolondo pa makampani opanga penti. Katundu wambiri wolowa m'dziko amadutsa pachipata cha Mwanza pomwepa, choncho si chinthu chapatali kufunsa kuti bokosi lililonse la timitovu lizinena chomwe chili m'katimo, ndi kulimbikitsa amalonda kuitanitsa topanda mtovu. Alangizi a zaumoyo omwe amayenda m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani amaphunzitsa kale za kusamba m'manja ndi kugona m'neti. Kuwonjezerapo mawu awiri okhudza batire ndi mtovu sikufuna bajeti. Aphunzitsi a pulayimale nawo ali ndi owedzawo m'kalasi mwawo Lolemba lililonse.

Ena anganene kuti mtovu ulibe mlowam'malo kwa munthu wosauka. Ulipo, ndipo agogo ankawedza mtovu usanafike m'masitolo. Kanati kakang'ono ka njinga kamamira bwino, kungoti kafunika kukula pang'ono kuposa kamtovu kolemera chimodzimodzi. Waya wofewa wachitsulo, wokulungiza pachingwe ngati kasipuling'i, umachita zomwe timitovu timachita, chifukwa munthu amadula utali womwe akufuna, ndipo akayamba wavekapo kachubu ka pulasitiki kosenda ku waya wamagetsi wakutha, nayiloni siipalika. Waya wowotcherera mawailesi yekha ndiye ayi, popeza wambiri umakhala ndi mtovu. Kamwala komanga ndi mphira wa chubu cha njinga kamathandiza pa mlamba, ngakhale kuti mwala umapepuka kwambiri ukalowa m'madzi ndipo umafunika wokulirapo.

M'malo a miyala, owedza ena amaika cholemetsa pa kachingwe kapadera kolendewera, kuti chikakodwa chivuke chokha mbedza n'kupulumuka. Ndi nzeru yabwino, koma yoyenera kanati kapena kamwala, chifukwa ndi njira yosiyira dala cholemetsacho m'madzi.

Amene ali kale ndi bokosi la timitovu sakufunika kulitaya kudzala, komwe nkhuku zikalipeze. Alisunge lotseka, patali ndi ana aang'ono, azifinya ndi kapulayala kapena pakati pa timiyala tiwiri tosalala, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Kapulayala kotere kamapezeka kwa wokonza njinga aliyense pa Mwanza boma, pa tebulo lomwelo pomwe pali chitini cha timanati takutha.